Tepi ya kwa Muthiya

Kampani ya Mvunguti inafa imfa yopanda maliro. Palibe analira, palibe analengeza pa wailesi. Anthu anangoona kuti galimoto yoyera ija, yojambulidwa chipatso cha mvunguti pachitseko, yasiya kudutsa m'misewu ya Limbe, ndipo patapita nthawi anaiwala zoti inkadutsa.

Koma pa nthawi yake inali kampani ndithu. Anaiyambitsa ndi Bambo Chipungu, munthu wamtali wosakonda kuseka, amene anakhalitsa ku Zambia akugwira ntchito ya makamera. Atamva kuti kwawo nako kwafika wailesi ya kanema, anabwerera ndi makamera akale m'sutikesi, n'kuchita lendi nyumba ina imene kale ankasungiramo fodya. Mvunguti inalibe wailesi yakeyake. Ntchito yake inali kujambula mapulogalamu n'kumagulitsa kwa eni mawailesi: masewero, makwaya, za ulimi. Pulogalamu imodzi ankaikopera pa matepi angapo, ina n'kupita ku wailesi ya kuno, ina kukwera basi ya ku Chipata, ina ya ku Tete. Munthu wa ku Ntcheu ankatha kuimba nyimbo yake pansi pa mtengo lero, mwezi wamawa akumuonera anthu a m'mayiko a eni.

Pulogalamu imene inkadyetsa kampaniyo inali ya Kwathu Nkuno. Galimoto inkapita kumudzi uliwonse, ojambula n'kuswera komweko, kujambula chilichonse chimene apeza: gule, woumba mbiya, ana ali pamjigo, madala akutsutsana za mvula. Anthu ankaikonda chifukwa ankaonapo anthu ofanana nawo.

Elube Kampira analowa ku Mvunguti ali mtsikana, kuti aziyankha lamya. Anatulukako imvi zitayamba, ali wolumikiza zithunzi. Ntchito yake inali kukhala m'kachipinda kamdima, kuonera zonse zimene ojambula abweretsa, kudula zosafunika n'kulumikiza zotsalazo kuti zikhale pulogalamu. Kumidziko sankapita. Komabe ankadziwa nkhope za anthu ochuluka amene iwo sankamudziwa. Ankatha kukhala moyang'anizana ndi munthu mu minibasi, n'kudziwiratu kuti ali ndi dzino lothyoka asanatsegule pakamwa.

Kutha kwa kampaniyo kunabwera pang'onopang'ono. Mawailesi anagula makamera awo. Madishi a kanema anamera pamadenga, anthu n'kutengeka ndi mafilimu akunja. Matepi opita ku Tete anasiya kupita, kenako a ku Chipata. Bambo Chipungu anafa ziwalo mbali imodzi, ana awo n'kugulitsa makamera, magetsi ndi galimoto yomwe. M'nyumba muja tsopano amagulitsamo simenti ndi malata. Chimene chinasowa wogula ndi matepi. Tsiku lotseka, mwana wamkulu wa a Chipungu anati akawatayire kudzala. Elube anapempha kuti awatenge. Anawalonga m'makatoni, kuwakweza pangolo, n'kukawaika m'chipinda chosagonamo munthu cha nyumba yake ya lendi ku Bangwe. Anakhala mmenemo zaka, iye akusoka mayunifolomu a ana asukulu pakhonde. Makina oonetsera matepiwo analibe.

Chaka chimene zinachitika izi, mwana wake Fanesi anali woyembekezera, ndipo anagwirizana zoti adzachirire kwa amayi ake. Chipinda chinafunika. Elube analankhula ndi munthu wina wa ngolo kuti mwezi ukamatha adzatenge makatoni aja akawatenthe. Sanadandaule kwambiri. Matepi osaonereka ndi katundu chabe.

Unali mwezi wa Okutobala, fumbi lili kobo, madzi a pampopi akubwera mwa apo ndi apo.

Chinayamba ndi mphasa. Anaiyanika pampanda m'mawa popita kumsika kukagula ulusi. Pobwera anaipeza itayalidwa bwinobwino pabwalo, pansi pa zenera la chipinda cha matepi. Anaganiza kuti ndi ana a oyandikana nawo. Anaipinda n'kuilowetsa m'nyumba. M'mawa mwake anaipezanso panja pomwe paja, chonsecho chitseko anali atakhoma yekha.

Tsiku lina akuchokera kokapereka mayunifolomu, Mayi Thipa a nyumba yotsatira anamuitana pampanda.

"Aneba, alendo anu aja akudikiranitu mpaka atopa."

"Alendo ati?"

"Mayi wina wobereka mwana ndi mdala wa chipewa cha mlaza. Anakhala pamphasapo kuyambira m'mawa. Sindinaone kuti achoka nthawi yanji."

"Anati ndi ochokera kuti?"

"Sananene. Ndinawapatsa moni, anayankha bwino. Ndinawatungira madzi poti dzuwali, koma anakana. Mayiyo anangoti, 'Madzi ayi, takhuta.'"

Elube anayang'ana pamphasa paja. Panali matope. Osati dothi louma la ku Bangwe, koma matope akuda a nyenyenye, ngati a m'khwawa la m'phiri. Anawakhudza ndi chala. Anali ozizira. Mvula inali isanagwe kuyambira mwezi wa Epulo.

Anatsuka mphasa ija. Elube sanali munthu wamantha. Zaka zonse za m'kachipinda kamdima zinamuphunzitsa kuyang'ana chinthu kawiri asanachipatse dzina.

Koma alendowo sanasiye kubwera, ndipo nthawi zonse ankabwera iye atachoka. Mayi Thipa anasiya kuwawerenga. Lero anati kunali amayi okhaokha, mawa anati kunabwera ndi anyamata atanyamula ng'oma imene sanaiimbe. Mphasa itachepa, ankakhala pansi. Onse ankayang'ana kuzenera lomwe lija, mwakachetechete, monga amakhalira anthu podikira dokotala. Agalu a m'deralo, amene amauwa ngakhale nkhuku, ankangodutsa chakutali michira ili pansi.

M'chipinda cha matepi munayamba kununkha dothi lonyowa. Elube anayang'ana denga, anayang'ana makoma. Paliponse panali pouma. Masana ena akusoka, anaimitsa makina kuti alowetse ulusi, n'kumva kung'ung'udza kwa anthu ambiri kuseri kwa nyumba, wina akutsokomola, mwana akulira pang'ono n'kutontholedwa. Anazungulira nyumba. Kunalibe munthu. Atabwerera pamakina, anapeza mpando wake palibe. Anakaupeza pansi pa zenera, utayang'ana kukhoma, ngati wina anapatsa munthu wachikulire kuti asakhale pansi.

Amene anamuona ndi maso ake anali mmodzi. Anali akuchokera kumsika dzuwa litapendeka, pakanjira kodutsa m'mbali mwa ngalande. Kutsogolo kwake kunaima mayi wina wachitenje chofiirira chomatirira m'miyendo. Mayiyo ananyonyomala pang'ono mwaulemu wa kumudzi.

"Pepani mayi, kodi kwa a kanema ndi komweko?"

"A kanema ati?"

"Aja anabwera ndi galimoto yoyera. Anatiuza kuti tidzadzionera. Ifetu tadikira."

Elube anamuyang'ana kumaso. Ankamudziwa. Ankadziwa kachipsera ka pachibwano, ankadziwa kuti akamaseka amaphimba pakamwa ndi dzanja lamanzere, ankadziwa kuti manja akewo ndi oumba mbiya. Sanakumbuke kuti anamuonera pa tepi iti. Chimene chinamuopsa n'choti nkhopeyo inali isanakalambe ngakhale pang'ono.

"Kampaniyo inatha kalekale," anatero Elube.

"Tinamva. N'chifukwa chake tabwera kwa inu."

Njinga ya kabaza inaliza belu kumbuyo, Elube n'kupatuka. Atatembenukanso, mayi uja anali akutsikira kungalande, osafulumira, ndipo udzu wouma wa mmenemo sunalire.

Nkhani sinachedwe kufala. Amayi amene ankabweretsa nsalu anayamba kutuma ana, kenako anasiyiratu. Pampopi, Elube akafika, nkhani zinkadukira pakati. Mayi Thipa, amene anali munthu wabwino, anamuuza mosabisa.

"Aneba, anthu akuti mukuweta zinthu m'chipinda chija. Akuti mayi wokhala yekha, alendo osadya, osamwa. Ine ndakuikirani kumbuyo, koma anyamata ena ayamba kulankhula za miyala."

Eni nyumba nawo anabwera Loweruka, osalowa m'nyumba, n'kuima chapatali ndi mpanda. Anati sakufuna kumva kuti nyumba yawo yatenthedwa. Zikapitirira, asamuke. Madzulo omwewo Fanesi anaimba lamya kuti miyendo yayamba kutupa, abwera posachedwa.

Elube anaganiza zoitana wangolo uja kuti afulumire. Koma atalowa m'chipindamo kuti ayambe kutulutsa makatoni, anaona kuti imodzi ya pakati inali yonyowa, pamene za pamwamba ndi pansi pake zinali zouma. Anaitsegula. Matepi onse anali bwino kupatula imodzi, imene inali yozizira ndi yachinyontho ngati botolo lochoka m'madzi. Pepala la dzina linali litasungunuka. Anaikulunga m'nsalu n'kukwera minibasi ya ku Chirimba.

Kumeneko kunkakhala Fakisoni Mpulula, amene anali wojambula wamkulu wa Mvunguti. Tsopano ankajambula maukwati ndi zinkhoswe, ndipo anali yekhayo amene anasunga makina akale oonetsera matepi, poti anawatenga m'malo mwa malipiro ake otsanzikira. Elube anamupeza akupukuta kamera pakhonde. Anamufotokozera zonse kuyambira pamphasa. Fakisoni sanadabwe. Anangofunsa chimodzi.

"Mayi woumba mbiyayo, ali ndi chipsera apa?"

"Eya."

"Ndi a kwa Muthiya amenewo, achemwali."

Dzinalo litangotchulidwa, Elube anakumbukira zonse. Mudzi wa Muthiya unali kutsinde kwa phiri, chakumbali ya ku Phalombe. Galimoto yoyera inapitako chaka china mvula ili pakati. Anthu a kumeneko anawalandira ngati akwati. Anasesa bwalo, anavala zabwino, anapha mbuzi. Elube analumikiza pulogalamuyo yekha, ndipo inali imodzi mwa zokoma kwambiri. Inali yoti iulutsidwe Lamlungu. Lachinayi lake, mbandakucha, napolo anatsika m'phiri, madzi ndi miyala ndi mitengo, n'kudutsa pakati pa mudziwo. Kutacha panalibe nyumba, panalibe bwalo. Ambiri sanapezeke n'komwe.

Bambo Chipungu anaitulutsa tepiyo m'gulu la zopita kuwailesi. Anati sangaonetse anthu akuseka pamene abale awo akufukulabe matope. Anati adzaionetsa misozi ikauma. Kenako kunabwera mapulogalamu ena, mavuto ena, ndipo tepiyo inangokhala pashelefu.

"Ndine ndinawauza," anatero Fakisoni, akuyang'ana kamera yake. "Ponyamuka paja, ndili pazenera la galimoto. Ndinati mudzadzionera nonse, palibe amene ndamusiya. Ndinkatero mudzi uliwonse."

"Ndiye abwereranji kwa ine?"

Fakisoni anakanda m'mutu. "Anayambira kuno, chaka chatha. Anakhala pakhonde pomwe mwakhalapo. Ine ndinawauza kuti matepi ali ku Bangwe."

Elube sanakalipe.

"Makina aja akugwirabe ntchito?"

"Akugwira. Tiyeni tiiyese kaye muno, mwina inaonongeka ndi chinyonthochi."

"Ayi, achimwene. Eni ake asanaione? Tikaionetsere komweko."

Ananyamuka m'mawa mwake. Fakisoni anabwereka kagalimoto ka mlamu wake, n'kukwezamo kanema, makina, tebulo ndi jenereta ya paukwati. Atadutsa pamsika wotsiriza, msewu unasanduka wafumbi, ndipo m'mbali mwake anayamba kuona anthu oyenda pansi molowera kuphiri, mmodzimmodzi, awiriawiri, amayi obereka ana, anyamata onyamula ng'oma. Galimoto ikawadutsa sankatembenuka, ngakhale fumbi likuwakwirira. Fakisoni, amene sankadutsa munthu osamuimira, anagwiritsa chiwongolero n'kumangoyang'ana kutsogolo.

Opulumuka a kwa Muthiya anamanga mudzi wina kumunsi, patali ndi khwawa. Atafunsa kumeneko za malo akale, anthu anawalozera kwa mkulu wina wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango. Dzina lake linali Namakhwa. Anali wa imvi, wochepa thupi, woyenda motsimphina. Anavala malaya obiriwira otha kolala, thumba lake losokedwa ndi ulusi woyera.

Anamvetsera nkhani yawo akupitiriza kumata chubu. Atamaliza anapukuta manja.

"Galimoto yanu ija ine sindinaione," anatero. "Ndinali m'chipatala ku boma, nditathyoka mwendo uwu. Mkazi wanga anabwera kudzandiona n'kundiuza kuti kwabwera a kanema, amujambula akuumba, ajambulanso ana. Anaseka kwambiri tsiku limenelo. Anabwerera kumudzi Lachitatu."

Elube sanafunse dzina la mkaziyo kapena za chipsera.

"Ndilibe chithunzi chake ngakhale chimodzi," anapitiriza Namakhwa. "Cha ana ndiye ayi. Wamng'onoyo nkhope yake inandithawa kalekale. Ndikayesa kumukumbukira ndimangoona kumbuyo kwa mutu."

Anawatsogolera yekha. Galimoto inalekezera panjira, katundu n'kumunyamula pamutu anthu a mudzi watsopano, amene anatsatira atamva nkhaniyo. Pamalo a mudzi wakale panali miyala yokhayokha, ina yaikulu ngati nkhokwe, itangoti mbwee kuchokera kuphiri mpaka kudambo. Pakati pake panamera tchire lochepa. Namakhwa anayenda pakati pa miyalayo osasochera, n'kukaima pamalo ena athyathyathya.

"Bwalo linali pano. Ikani apa, ayang'ane kuphiri."

Fakisoni anaika tebulo ndi kanema. Jenereta anakaiika kuseri kwa mwala kuti isasokose, n'kukoka chingwe. Anthu a mudzi watsopano anayamba kukhala pansi kutsogolo kwa kanemayo, koma Namakhwa anawabweza.

"Sunthirani kumbuyo. Kutsogoloku kuli eni ake."

Palibe anatsutsa. Anakakhala kutali ndithu, pamiyala, n'kusiya bwalo lonse lopanda munthu. Elube anakhala pambali pa tebulo, pamene ankatha kuona kanemayo cham'mbali. Dzuwa litangobisala kuseri kwa phiri, analowetsa tepi ija.

Poyamba panangooneka mizere. Kenako nyimbo ya Kwathu Nkuno inalira, yomwe Elube anali asanaimve kwa zaka, chipatso cha mvunguti n'kuonekera, ndipo pambuyo pake mudzi wa Muthiya unatulukira wathunthu: nyumba zozira, nthochi, chimanga chobiriwira, phiri lomwelo lili kumbuyo.

Kumiyala kuja anthu anayamba kulira chapansipansi, akutchula mayina. Koma Elube ankamvetsera za pafupi. Pabwalo lopanda munthu lija panamveka kusuntha, monga amachitira anthu akamapanikizana kuti aone bwino. Fungo la dothi lonyowa linakwera. Pamene kanema anaonetsa mdala wa chipewa cha mlaza akulephera kukwera njinga, kuseka kunamveka m'kanemamo, kunamvekanso pabwalopo, mochedwerapo pang'ono. Pamene anyamata anaimba ng'oma, pansi pananjenjemera kuposa mmene kanema wamng'onoyo akanachitira. Wina, pafupi kwambiri ndi mwendo wa Elube, ananong'ona kuti, "Ndine uyo." Elube sanayang'ane pansi. Fakisoni anali atatseka maso, milomo ikuyenda.

Namakhwa anali ataima yekha pamalire a bwalo, pakati pa amoyo ndi malo opanda munthuwo. Mkazi wake ataoneka akuumba mbiya, akuphimba pakamwa ndi dzanja lodzaza dongo, iye sanalire. Kamwana katadutsa kumbuyo kwa mayiyo kakukoka galimoto ya mawaya, n'kutembenukira ku kamera, Namakhwa anapita patsogolo pang'ono n'kuima.

"Ndi ameneyo," anatero. "Anali ndi makutu a ine."

Pulogalamu iliyonse ya Kwathu Nkuno inkatha mofanana. Mudzi wonse unkasonkhana pabwalo, kamera n'kuyenda pang'onopang'ono kuchokera kumanzere kupita kumanja, anthu akubayibitsa. Elube ankachidziwa chigawo chimenecho nkhope ndi nkhope, poti anachibwereza kambirimbiri pofuna kuti chithere pamodzi ndi nyimbo. Kamera inadutsa anyamata a ng'oma, inadutsa mdala wa chipewa, inafika pa mayi woumba mbiya ndi ana ake. Pambali pa mayiyo panaima mwamuna wa imvi, wochepa thupi, atatsamira mwendo umodzi. Anavala malaya obiriwira otha kolala, thumba losokedwa ndi ulusi woyera. Mayiyo anali wachitsikana, iye nkhalamba. Sankabayibitsa. Anali atagwira kamwana kaja paphewa.

Kamera inapitirira. Nyimbo inatha, mayina a ogwira ntchito ku Mvunguti n'kuyamba kukwera.

Kumiyala kunali zii. Onse anali ataona. Fakisoni anatsegula maso n'kufunsa kuti chachitika n'chiyani. Pabwalo panamveka anthu akudzuka, kusasa zitenje, mwana wina akudandaula kuti amunyamule. Phokosolo linalowera chakukhwawa, n'kumachepa, mpaka kunangotsala kulira kwa jenereta.

Namakhwa anabwera patebulo. Anayang'ana malaya ake, anagwira ulusi woyera wa pathumba.

"Mayi, inu ndi amene munakonza zimenezi?"

"Ndine, bambo."

"Munthu uja analipo?"

"Panalibe. Pamenepo panali mpata, kenako mtengo wa papaya."

Namakhwa anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Mukufuna ndibweze kuti muonenso?" anafunsa Elube.

"Ayi. Ndaona."

Tepiyo anaisiya komweko. Namakhwa anaiika pansi pa mwala waukulu n'kutsekapo ndi miyala ing'onoing'ono. Anawathandiza kunyamula jenereta mpaka pagalimoto, anawathokoza chifukwa cha ulendo wautali, n'kuwalangiza kuti pamlatho wachiwiri adutse chakumanja poti matabwa a kumanzere anaola.

Ku Bangwe alendo sanabwerenso. Fungo linatha. Amayi a mayunifolomu anabwerera mmodzimmodzi, osatchula kanthu, ndipo eni nyumba anaiwala zimene ananena. Fanesi anachira mwana wamkazi mvula yoyamba itagwa. Matepi otsala aja Elube sanawatenthe. Anawasamutsira kuchipinda chake chogona, n'kuwasanja mpaka kudenga. Fakisoni atamuuza kuti angathe kumubwereka makina kuti aziwaonera, anakana.

Anthu a kwa Muthiya watsopano anadikira maliro a Namakhwa sabata imeneyo. Sanachitike. Anadikira mwezi, anadikira mpaka kukolola. Munthuyo ankangodzuka m'mawa n'kukakhala pansi pa mango wake, kumata machubu. Chaka chotsatira Fakisoni anapita chakumeneko kukajambula ukwati, n'kupatukira kukamuona. Anamupeza ali bwinobwino, atanenepako. Anali atavala malaya omwe aja.

Mlongo wake wa Namakhwa ndi amene anafotokozera Fakisoni, akumuperekeza. Anati kuyambira tsiku lija achimwene ake savala malaya ena. Amawachapa madzulo, kuwayanika pafupi ndi moto, m'mawa n'kuwavalanso, ngakhale asanaumitse. Ang'ambika m'zigongono, awasoka. Ang'ambika kumsana, aikapo chigamba. Anthu a kumpingo anawagulira malaya atsopano pa Khirisimasi, iwo n'kupatsa mnzawo.

"Ndinawafunsa kuti achimwene, bwanji osawavula malaya amenewa, mwina mungakhalitse," anatero mayiyo. "Anandiyankha kuti sakufuna tsikulo lidzawapeze atavala ena, mwana angadzawasowe."